Mabulangeti Awiri mu Okutobala

Onesimo Semba anangoima pakhomo la kuchipinda, magalasi owotcherera zitsulo akadali pachipumi, ndipo nthawi yomweyo anadziwa chimene chinkamuvuta mkazi wake. Kunja dzuwa la Okutobala linkawotcha malata a Ndirande yense, koma Monika anali atadzipinda pabedi pansi pa mabulangeti awiri, mano akugundana, bedi lonse likugwedera. Onesimo sanafunike dokotala woti amuuze. Kunjenjemera kumeneko ankakudziwa bwino, chifukwa kunadutsapo m'thupi mwake.

"Mwaimatu ngati mwabwera kudzaona nyumba ya lendi," anatero Angela, mkulu wake wa Monika, amene anamuimbira foni kuti athamange. "Lowani, alamu. Taonani zimene amuchita mng'ono wanga kusikelo. Wapita m'mawa akuyenda yekha bwinobwino, amubaya jakisoni, pano ndi uyu."

Angela ankagulitsa kaunjika mumsika, ndipo mawu ake anali ozolowera kuitana makasitomala a kutsidya la msewu. Ngakhale polankhula ndi wodwala sankadziwa kuwatsitsa. Onesimo analowa, nakhala kumapeto kwa bedi, nagwira phazi la mkazi wake. Linali lotentha ngati chitsulo chimene wangochiwotcherera.

Nkhani yake inayambira ku Chemusa, kumene anapita kukaika mabagala pamawindo a mayi wina wogulitsa mazira. Ntchito ya tsiku limodzi inamutengera sabata yathunthu, ndipo asatinamize kuti zitsulo zinali zolimba. Patapita masabata angapo anaona kachilonda kumalo obisika, kosapweteka konse. Tsono munthu wotsogolera nyimbo kumphakati sangakakhale pamzere wa chipatala cha kwawo, pomwe mayi aliyense wa pabenchi amamudziwa ndi mawu omwe. Anakwera minibasi ziwiri mpaka ku Chilomoni, kukachipatala kolipira komwe kunalibe womupatsa moni. Dokotala wa kumeneko anamuyeza magazi, namuuza kuti ndi chindoko, namubaya matako onse awiri. Anamuuzanso kuti madzulo ake mwina anjenjemera ngati wa malungo koma zidzatha zokha, ndiponso kuti abwere ndi mkazi wake. Choyambacho chinachitikadi. Chachiwiricho Onesimo anachisiya pa siteji ya minibasi.

Munali mu Juni, kukuzizira. Monika anamufunditsa mabulangeti omwewa, namuphikira phala, nakhala pambali pake akumupukuta thukuta ndi chitenje chake. M'mawa anamukokera kukayezetsa malungo, sanawapeze, ndipo pofika masana Onesimo anali atakhala tsonga akupempha chakudya. A kumphakati amene anabwera kudzapemphera anati Mulungu wayankha msanga, ndipo mwini wake anavomera nawo "Amen" mokweza kuposa onse.

Mwezi wotsatira Monika anamunong'oneza kuti ndi woyembekezera. Anali atakhala m'banja zaka zambiri popanda mwana, achibale a ku Nsanje atayankhula zonse zimene achibale amayankhula, ndipo tsiku limenelo Monika anavina yekha m'khitchini. Kodi nkhani ngati ija munthu angaiyambe bwanji pa tsiku lotero? Onesimo anati adzanena sabata yamawa. Sabata yamawayo inabala inzake. Ankamuyang'ana mkazi wake akunenepa, nkhope ikuwala, n'kumadziuza kuti mwina matendawo sanamufikire. Kusikelo amati mayi wobwera ndi mwamuna wake amathandizidwa koyamba, koma amayezanso magazi a onse awiri, choncho Lachinayi lililonse Onesimo ankapezeka ndi geti ya munthu yofunika kumaliza. Monika anamudikira mpaka mimba inafika miyezi isanu, ndipo lero anatopa n'kupita yekha.

Angela anatulutsa kapaketi ka mapilitsi m'chikwama chake. "Ndamugulira LA pa golosale. Kaya ndi malungo, kaya ndi jakisoni wawo uja, amwe basi."

"Si malungo amenewa," anatero Onesimo. Mawuwo anatuluka msanga kwambiri, iye asanawayeze.

"Mwadziwa bwanji? Udokotala mwauyamba liti, a welda?"

"Ndangoti munthu woyembekezera samwa mankhwala mwachisawawa, alamu."

Monika anatulutsa mutu m'bulangeti. Maso ake anali ofiira, ndipo sanayang'ane mwamuna wake. "Asisi, mimba ikuuma. Ikumauma kenako n'kumasuka."

Apa Angela anangoponya kapaketi kaja pampando. Onesimo anathamangira kwa a Yakobe, aneba awo oyendetsa takisi, ndipo posakhalitsa galimoto inali ikutsetsereka m'timisewu ta miyala ta kwawo ku Goliyo, Monika atatsamira phewa la mkulu wake, Onesimo ali kutsogolo atafungatira mabulangeti. Njira yonse ankapemphera chamumtima, koma pemphero lake linali la mbali ziwiri: kuti mwana akhale moyo, ndiponso kuti pasapezeke womufunsa mafunso. Anachita manyazi ndi mbali yachiwiriyo, komabe sanaichotse.

Pachipatala anapeza namwino yemwe anamubaya Monika m'mawa, Sisita Dorcas Mhango, mayi wamfupi wa ku Rumphi wolankhula Chichewa chake pang'onopang'ono. Pakhonde panali amayi ambiri odikira, ndipo Angela ataona gulu anapeza mphamvu.

"Ndi inu mwamubaya mng'ono wangayu? Mutiuze pompano kuti mwamubaya chiyani. Mankhwala oekisipaya mumangotsirira anthu osauka, eti? Munthu wadikira mwana zaka zonsezi, inu mukufuna mumuphere ndi jakisoni mmodzi?"

"Mayi, tiyeni timulowetse kaye," anayankha Sisita Mhango.

"Ndafunsa kuti unali jakisoni wa chiyani."

"Zimene tinakambirana ndi mayiwa ndi zawo. Sindingazinene pakhonde."

"Mwamva? Akubisa," anatero Angela akutembenukira ku mabenchi, ndipo amayi angapo anagwedeza mitu movomereza. Wina anati ma nesi a masiku ano ntchito yawo ndi foni. Wina anati azakhali ake anafa chonchi.

Onesimo anaima pamenepo ndi mabulangeti ake, akuonerera mayi wosalakwa akutukwanidwa chifukwa chomusungira iyeyo chinsinsi chimene mayiyo sankadziwa n'komwe kuti ndi cha Onesimoyo. Mawu amodzi okha akanamutontholetsa Angela. Anayang'ana nsapato zake zopsa ndi moto wa ntchito.

Namwino analola mwamuna yekha kulowa. Anamugoneka Monika, namuyeza kutentha ndi BP, namupatsa panado, namuika diripu. Kenako anaika kachipangizo pamimba n'kumakasuntha uku ndi uku. Kwa kanthawi kunangomveka kufwanthuka, mpaka mwadzidzidzi chipinda chinadzaza ndi kugunda kofulumira, ngati kahamala kakang'ono pa lata. Aka kanali koyamba Onesimo kumva mtima wa mwana wake.

"Ali moyo, ndipo akugunda bwino," anatero namwino. "Ukuthamanga pang'ono chifukwa amayi ake atentha. Mayi, kodi abambowa mwawauza? Ndingalankhule ali pompano?"

Monika anaphimba nkhope ndi dzanja lopanda diripu. Analankhula mano akugundanabe. "Bambo, andipeza ndi chindoko. Ine sindinayendepo, Mulungu ndi mboni yanga. Asisita akuti matendawa amatha kubisala zaka zambiri, ndiye mwina ndi zakale, tisanakwatirane, kaya za ndani. Njira yonse pobwerera kunyumba ndimaganiza kuti ndikuuzani bwanji. Musandione ngati mkazi woyendayenda, chonde."

Ndiye taonani mwayi wa munthu wochimwa. Khomo linali lotseguka, ndipo amene anamutsegulira anali mkazi wake yemwe. Chimene ankafunika kuchita Onesimo ndi kudabwa pang'ono, kupukusa mutu, n'kunena kuti zimachitika. Akanatuluka m'chipindamo ali mwamuna womvetsa amene wakhululukira mkazi wake. Anamva nkhope yake ikutentha kuposa ya wodwalayo.

"Usadandaule," anatero, ndipo mawu ake anamunyansa yekha.

"Za kunjenjemeraku ndinakuuzani m'mawa, mayi, koma ndinaona kuti mutangomva dzina la matendawo zina zonse simunazimve," anapitiriza Sisita Mhango, akukoka mpando. "Jakisoni uja sanali woonongeka. Zimene mukumvazi zikutanthauza kuti wagwira ntchito. Chindoko chimabwera ndi mabakiteriya, ndipo kalikonse ka tizilomboti kali ndi chigoba chake. Penisilini ntchito yake ndi kugumula chigobacho. Tsono m'thupi mwathu muli alonda a mitundu iwiri. Ena amachita kuphunzira, ngati aja timawaphunzitsa ndi katemera. Ena timabadwa nawo akuidziwa kale ntchito. Amenewa ndi maselo a m'magazi, ndipo pakhungu lawo pali tizigwiriro tozindikira zinthu zimene zimapezeka m'zigoba za mabakiteriya basi, zimene thupi la munthu silipanga."

"Nanga miyezi yonseyi alondawo anali kuti?" anafunsa Monika.

"Kachilombo ka chindoko n'kochenjera. Zinthu zimenezo kamazibisa mkati mwa chikuto chake, n'chifukwa chake munthu amayenda nako osamva kanthu. Lero taswa tambirimbiri nthawi imodzi, zobisika zonse zamwazikira m'magazi. Alonda aja akagwira zidutswazo amatulutsa timadzi toitana anzawo kunkhondo. Timadzi timeneto tikafika kuubongo timakweza kutentha kwa thupi, ndiye mukumva kuzizira pomwe mukuwotcha. Timatsegula mitsempha, mutu n'kumawawa, BP n'kutsika, nthawi zina chiberekero n'kumakoka. Alondawo safunsa ngati kachilomboko kali moyo kapena kafa. Zili ngati galu amene akuuwa malaya a mbava ogwera pabwalo, mbavayo ili kale kupolisi."

"Ndiye thupi langa lomwe likufuna kunditayira mwana?"

"Sindikunamizani, ngozi imeneyo ilipo, n'chifukwa chake mugona kuno kuti tikuyang'anireni. Koma ngozi ya matendawo ndi yaikulu kwambiri. Kwatsala majakisoni awiri, Lachinayi likubwerali ndi linalo. Mukawasiya, mwana akhoza kufera m'mimba kapena kubadwa wodwala. Wachiwiri nthawi zambiri sachititsa zimenezi, chifukwa zoswa zimakhala zatsala zochepa."

Nthawi yomweyo mimba inaumanso. Monika anagwira chitsulo cha bedi, natseka maso mpaka inamasuka. Atawatsegula analankhula motsitsa, ndi mawu aja amene Onesimo ankawadziwa, amene mkazi wake akawagwiritsa ntchito nkhani imakhala yatha.

"Sindibweranso. Dzulo mwanayu amasewera bwinobwino ndili ndi matenda omwewo. Lero mwandibaya, ndi izi. Mukandibayanso ndimutaya."

"Mayi, zimenezi zimatha mkati mwa tsiku limodzi."

"Inu asisita munayamba mwanjenjemerapo chonchi?"

"Ayi. Ndaziona kwa anthu ambiri, koma ine sizinandichitikirepo."

"Ndiye mukunena za m'buku. Ine ndikumva ngati ndikufa. Munthu sangamve chonchi mawa n'kudzuka."

Namwino anayang'ana Onesimo, monga mmene amachitira akafuna kuti mwamuna athandize kunyengerera. Sankadziwa kuti akuyang'ana mboni yokhayo imene inalipo m'chipindamo. Panja Angela ankamvekabe akuuza amayi a pabenchi kuti mng'ono wake sapondanso pano, ndipo Onesimo ankadziwa kuti alongo awiriwa akagwirizana chinthu, ngakhale bambo mfumu sangawasunthe. M'makutu mwake kahamala kaja kankagundabe. Anayesa kupeza njira ina, yonena popanda kunena, koma inalibe.

"Zimatha, Monika," anatero akuyang'ana pansi. "Kukamada uyamba kutuluka thukuta, pilo yense anyowa. Kuzizirako kumachoka koyamba. Mutu ndi umene umachedwa, ndi msana. M'mawa umadzuka ngati akumenya, koma pofika masana umamva njala."

Sisita Mhango anaika cholembera chake patebulo pang'onopang'ono. M'chipindamo munangotsala kudontha kwa diripu. Monika anatembenuza mutu, ndipo kwa nthawi yoyamba tsiku limenelo anamuyang'ana mwamuna wake m'maso. Anamuyang'ana nthawi yaitali, kenako anayang'ana mabulangeti amene anali pamiyendo pa mwamunayo.

"Munapempha mbatata yootcha ndi tiyi," anatero.

"Eya."

"Mu Juni."

"Eya."

"Malungo aja sanawapeze."

Onesimo ankayembekezera kulira, kapena kukuwa kuitana Angela, ndipo mwina zimenezo zikanamupepukira. Koma Monika sanachite zimenezo, ndipo ngakhale kunjenjemera kunaoneka ngati kwamuleka kaye.

"Za mkaziyo sindikufunsani, dzina lake musandiuze," anatero. "Koma inu munakadzichiritsa nokha, n'kubwera kudzagona m'manja mwanga kuti ndikufunditseni. Ndinakuphikirani phala. Ndinaitana a kumphakati. Nditakuuzani za mimbayi munandinyamula m'mwamba, mukudziwa chimene chili m'magazi mwanga. Ndipo pompano ndakupepesani, inu n'kunena kuti ndisadandaule."

"Ndinachita manyazi, Monika."

"Manyaziwo ndawasenza ine kuchokera m'mawa. Ndi olemera, ndawamva."

Onesimo anafuna kugwira dzanja lake, koma Monika analibweza n'kuliika pamimba. Anatembenukira kwa namwino.

"Asisita, Lachinayi ndibwera, ndi linalo lomwe. Ngati awa anadzuka, inenso ndidzuka. Nanga iwowa ndiye kuti anachira?"

"Ngati mwakhala mukugona limodzi inu musanalandire mankhwala, akhoza kukhala atatenganso. Ayenera kubayidwa."

"Muwabaye lero lomwe. Kuwafotokozera musavutike, akudziwa kale. Mabulangetiwo asiye pano."

Anamubayira kuseri kwa katani, buluku lili m'mawondo, mkazi wake ali kutsidya kwa nsaluyo akumva chilichonse. Sisita Mhango sanamukalipire ndipo sanamunyoze. Anangomuuza kuti apume mozama, ndipo ulemu umenewo unamupweteka kuposa singano. Pomanga lamba Onesimo ananong'ona kuti, "Pepani ndi zija za pakhonde." Namwino anayankha kuti anazolowera, nasamba m'manja.

Anatuluka akutsimphina. Angela anadumpha pabenchi, namufunsa za mwana, ndipo atamva kuti mtima ukugunda bwino anachita chizindikiro cha mtanda. Kenako anaona kayendedwe ka mlamu wake.

"Nanga inu mwatani?"

"Andibaya nanenso."

"Jakisoni yemwe uja?"

"Yemweyo. Si woipa, alamu. Asisitawa sanalakwe chilichonse. Monika abweranso Lachinayi."

Angela anamuyang'ana kukamwa kuli yasa, kenako anatembenukira kwa amayi a pabenchi, dzanja lili paphewa la Onesimo. "Mwaona amuna enieni? Wabayitsa nawo kuti amulimbitse mtima mkazi wake. Anu aja angatero? Wanga uja ngakhale kundiperekeza pa siteji amati watopa." Amayiwo anaseka, ena anaomba m'manja, ndipo wina amene ankamudziwa anati n'zosadabwitsa, bambowa ndi a mapemphero.

Chitseko cha chipinda chija chinali chotseguka, ndipo Monika anamva zonse. Onesimo anamuyang'ana, akufuna ndithu kuti alankhule, amuvule pamaso pa anthu onsewa zithe. Monika anangokoka bulangeti mpaka m'khosi, natembenukira kukhoma.

Angela ndiye anatsala kudikirira wodwala. Onesimo anakwera yekha chitunda cha ku Goliyo dzuwa likupendeka, akuyankha moni wa anthu onse omudziwa. Kunyumba anapeza bedi lili lokhalokha, chinsalu chake chitanyowabe ndi thukuta la mkazi wake, kapaketi ka LA kali pampando pomwe Angela anakaiwala. Anavula nsapato, nachotsa magalasi aja amene anali ataiwala kuti ali pachipumi, nakhala pamphepete pa bedi kudikira kuti kuzizira kuyambe. M'nyumba monse munalibe choti n'kufunda.